Bawo la Kumbuyo kwa Mzinga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, chaka chotsatira chisankho chija cha zipani zambiri, pamene agogo anga aamuna analeka kupita ku bawo. Kwa munthu wina imeneyi si nkhani, koma kwa aliyense amene ankawadziwa a Filipo a ku Mitundu zinali ngati kumva kuti tambala waleka kulira. Maso awo anali atachita ng'ala, komabe m'mawa uliwonse ankagogoda ndodo yawo mpaka pansi pa mkuyu wa kuseri kwa msika, n'kukhala pa bawo kufikira dzuwa litapendeka. Nkhomo, timiyala tosewerera tija, ankaziwerenga ndi zala, ndipo anyamata a maso awiri abwinobwino ankachoka pamenepo atadyedwa.

Ine ndinkakhala ku Nathenje ndi mayi anga aang'ono, a Rozina, chifukwa kumeneko sukulu inali pafupi. Ku Mitundu ndinkapita nthawi ya tchuthi. Ndinali mwana wamafunso, wa mtundu uja woti ukamuuza kuti m'chitsime muli chule amafuna akasuzumire yekha. Anthu ambiri ndinkawatopetsa, koma agogo sankatopa nane. Ankanditchula kuti mkazi wawo wamng'ono, monga agogo amachitira ndi zidzukulu zawo, ndipo ine ndinkawayankha kuti sindingakwatiwe ndi munthu wopanda mano.

Agogo anapita ku nkhondo yachiwiri ija ya Azungu ali mnyamata. Anzawo ambiri amene anatengedwa nawo limodzi anakafika kutali, kutsidya kwa nyanja, n'kubwerako ndi mamendulo ndi zipsera za zipolopolo. Koma agogo anatsitsidwa pa doko la Dar es Salaam ndipo sanapitirire. Ankanena kuti poyamba ankasenza simenti pomanga linga pamwamba pa thanthwe, kutsidya kwa dokolo, ndipo lingalo litatha anawaika kuti azilondera mzinga waukulu woloza kunyanja. Anadikira sitima za adani mpaka nkhondo inatha, koma sitimazo sizinabwere. Mzingawo sunalirepo, ndipo iwo sanaombepo munthu. Chimene ankakonda kusimba chinali chakuti tsiku lina, simenti idakali yaiwisi, iwo ndi mnzawo wina wa ku Malingunde anatenga kapu yachitsulo n'kudinda nayo maenje a bawo pansi, kumbuyo kwa mzingawo. Pamenepo ndi pomwe ankathera masiku awo, diso limodzi pa nkhomo, lina kunyanja.

Kale anthu ankangomva nkhaniyi n'kumwetulira. Koma chaka chimenecho pakamwa pa aliyense panali patatseguka. Zinali zabwino ndithu, chifukwa anthu anali atakhala chete nthawi yaitali, kungoti ufulu wolankhulawo unafikanso pansi pa mkuyu. Panali mnyamata wina wogulitsa kaunjika, dzina lake Maliko, amene agogo ankamudya tsiku ndi tsiku. Tsiku lina atadyedwanso anzake akuona, mkwiyo wake unatulukira pakamwa.

"Madala, nkhondo yanu ija munkamenyana ndi nsomba kodi?" anatero Maliko. "Msilikali wanji wopanda mendulo, wopanda n'chipsera chomwe? Mwina munkangowiritsa tiyi wa Azungu ku Zomba. Ndi demokalase iyi, tizifunsa."

Anthu anaseka, ndipo wina anawapatsa dzina pomwepo: a Mlondamadzi. Dzinalo linayenda msika wonse, mpaka ana anayamba kuliimba agogo akamadutsa. Sabata isanathe, ndodo ija inaleka kumveka panjira ya kumsika.

Nditabwera ku tchuthi ndinawapeza atakhala kuseri kwa nkhokwe, manja ali pamaondo, osachita kanthu. Anali atatha thupi. Ndinamva chisoni, komanso, kunena zoona, mafunso a Maliko anali atandilowa. Kodi pali madzi ochuluka chotero oti munthu sangamwe? Kodi mfumu ya kutali ingatenge mnyamata ku Mitundu, n'kumudyetsa ndi kumuveka, kuti azikangoyang'ana madzi?

Mwayi wanga unabwera kudzera mwa mayi aang'ono. Iwo anali m'gulu la azimayi amene nthawi imeneyo anayamba kupita ku Tanzania kukaoda zitenje, nsapato ndi mapoto, n'kumadzagulitsa pa khonde la sitolo ku Nathenje. Ulendo wapitawo anali ataberedwa chikwama chonse cha nsapato ali mkati monenerera mtengo, choncho anaganiza zonditenga kuti ndizikakhalira katundu. Analembetsa dzina langa pa pasipoti yawo, ndipo tinapita ku Mitundu kukatsanzika.

Agogo anadikira kuti mayi aang'ono alowe m'nyumba, kenako anandikodola.

"Mkazi wanga, ndamva kuti ukupita ku Dalesalamu."

"Eya, agogo. Ndikakugulireni mano?"

Sanaseke. Anapapasa mpaka anapeza dzanja langa n'kuligwira.

"Anzanga onse amene ndinali nawo kumeneko anatha," anatero. "Palibenso woti ndimufunse kuti, kodi ukukumbuka? Ndikagona ndimaiona nyanja ija, ndikadzuka ndimamva ana akuimba Mlondamadzi. Ndiye masiku ano ndimadzifunsa ndekha kuti kodi ndinapitadi, kapena ndinangolota? Ukandionere bawo lija. Ukawoloke doko, ukatsate gombe mpaka pa thanthwe lalitali. Maso anga ndi iweyo."

Mawu amenewa anandiopsa kuposa chipongwe chonse cha Maliko. Kusekedwa ndi anthu n'kwina, koma munthu wamkulu kuyamba kukayikira moyo wake womwe, chimenecho ndinali ndisanachionepo. Ndinalonjeza kuti ndikaona.

Za ulendowo ndingolemba pang'ono. Tinakwera minibasi pa Nathenje mpaka ku Lilongwe, kenako basi yaikulu ya kumpoto, yodzaza ndi azimayi a geni amene ankadziwana onse ndi kubwerekana zitenje zofunda. Tinadutsa m'mapiri momwe makutu anga anatsekeka, tinawoloka malire pa mtsinje wa Songwe, ndipo kuyambira pamenepo ndinasanduka mbuli, chifukwa chilichonse chinali m'Chiswahili. Pofika ku Dar es Salaam miyendo inali itatupa, ndipo kunkatentha kutentha kwa chinyezi, koti ukangosamba thukuta layambanso.

Ntchito yanga inali imodzi, kukhala pamwamba pa mabelo a zitenje pa khonde la sitolo ina, mayi aang'ono akuzungulira m'misika. Ndinkayang'ana anthu ovala mikanjo, ogulitsa madzi a kokonati, ngolo zokankha ndi manja, ndipo ndikafuna kutsatira chinthu ndi miyendo ndinkakumbuka nsapato zinabedwa zija n'kukhalanso pansi. Posakhalitsa ndinaphunzira pokhala pabwino: pamene pali mthunzi masana, msana uli kukhoma, maso akuona katundu yense ndi njira yomwe. Madzulo mayi aang'ono ankandifunsa kuti kwachitika chiyani, ine n'kuyankha monyong'onyeka kuti palibe.

"Ndiye kuti wagwira ntchito," ankatero. "Mlonda akakhala ndi nkhani yosimba, ujeni wapita."

Za linga sankafuna kumva. Ankati tabwerera geni, osati kudzaona malo ngati Azungu, ndipo zinthu za nkhondo yakalekale zinagumuka ife tisanabadwe. Ndikuganiza tsopano kuti ankaopa kupita n'kukapeza palibe kanthu, popeza a Filipo anali bambo awo owabereka. Koma ine ndinawaumirira ngati nkhupakupa, ndipo Lamulungu, masitolo ali otseka, anagonja.

Tinakwera pantoni yowolotsa anthu ndi magalimoto pa doko. Kutsidyako mayi aang'ono anafunsa njira ndi Chiswahili chawo chodukaduka, anthu n'kumangopukusa mitu, mpaka mayi wina wokazinga nsomba anamva mawu oti mzinga, amene kumeneko amanenanso chimodzimodzi, n'kutilozera ndi chipande. Tinayenda m'mbali mwa gombe, tikudutsa mabwato ogadamitsidwa ndi maukonde oyanikidwa. Pansi pa mtengo wina asodzi anali atazungulira thabwa, ndipo nditasuzumira ndinaona kuti akusewera bawo, lofanana ndendende ndi la kwathu.

Ndisanapite patali ndinathamangira kumadzi, n'kutapa ndi manja, n'kulawa. Ndinalavula pomwepo, misozi ili m'maso. Unali mchere weniweni, woposa wa m'ndiwo zolakwika. Ndinasangalala ngati ndatola kanthu, chifukwa chinthu choyamba chimene agogo ankanena chinali chitapezeka choona.

Thanthwe linalipo, ndipo pamwamba pake panali mabwinja. Ndinkayembekezera nyumba yaikulu ngati tchalitchi cha ku Nkhoma, koma ndinapeza makoma afupiafupi a konkire, okhuthala kuposa kutalika kwa mkono wanga, akuda ndi ndere, ena atang'ambidwa ndi mizu ya mitengo. Panali masitepe otsikira m'kachipinda ka pansi, momwe munkanunkha mileme ndi mikodzo, ndipo kachipindako kanali ndi kazenera kopyapyala, kotalika cham'mbali, koonera nyanja yokha. Ndinaika nkhope pa kazenerako n'kuona madzi mpaka pomwe akumana ndi thambo. Pa makoma anthu anali atalembapo maina awo ndi makala. Mbuzi zinkadya zitsamba pamwamba pa denga.

Sitinali tokha. Panali Azungu awiri, mwamuna ndi mkazi, ofiira ndi dzuwa, makamera ali m'khosi, ndipo mnyamata wina wa komweko ankawatsogolera akuwafotokozera m'Chingerezi. Ndinawatsatira chapatali, makutu ali tcheru, kuti mwina atchula asilikali a kwathu. Ndi Chingerezi changa cha pulayimale ndinamva za kukula kwa mizinga, kutalika komwe chipolopolo chikanafika, ndi za mkulu wa asilikali amene analamula kuti lingalo limangidwe. Za amene anasenza simenti sindinamve. Mzungu wamkazi anandijambula nditaima pa khoma, ndipo mpaka lero chithunzi changa chiyenera kuti chili m'nyumba ya munthu wina amene sadziwa chomwe ndinkafuna kumeneko.

Mizinga inali itachotsedwa kalekale. Pamene inkakhala panatsala mabwalo ozungulira a simenti, pakati pake pali mabawuti adzimbiri, aakulu ngati zitsononkho za chimanga. Mabwalowo analipo angapo, ndipo ine ndinathamanga kuchoka pa lina kupita pa lina, ndikuyang'ana pansi, ndikukankha zinyalala ndi phazi. Ndinapeza zigoba za nkhanu, mabotolo osweka ndi phulusa la anthu amene anawotchapo nsomba. Bawo sindinalione. Dzuwa linafika pamutu, mayi aang'ono atakhala pa mwala akudzikupiza ndi mpango.

"Esinati, tiye," anandiitana. "Waona wekha, linga lilipo. Zimenezo n'zokwanira. Pantoni itisiya."

Koma agogo sananditume linga. Linga aliyense akanatha kulimva kwa anzake obwera kunkhondo. Anandituma chinthu chimene anachipanga ndi manja awo. Ndinapempha kuti andidikire pang'ono, ndipo m'malo mothamanganso ndinaima n'kudzifunsa funso limene sabata yonse ya pa mabelo inandiphunzitsa: ndikanakhala ine mlonda wa mzinga uwu, tsiku lonse, masiku onse, ndikanakhala pati? Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinayang'ana bwalo lililonse modekha, ndipo pa bwalo la kumapeto ndinaona kakhoma kokhota komwe kankaponya mthunzi ngakhale dzuwa lili pamutu. Munthu atakhala pamenepo, msana uli kukhoma, akanaona mzinga wonse ndi khomo la doko lomwe.

Ndinapita n'kukhalapo. Pansi panali mchenga wouluzika ndi mphepo, masamba ouma ndi zitosi za mbuzi. Ndinatambasula miyendo, ndipo chidendene changa chinalowa m'kadzenje. Ndinavula patapata n'kuyamba kupalasa nayo mchenga. Kadzenje kena kanatuluka pambali pa koyamba, kenako kena, onse ofanana kukula, ozungulira bwino ngati pansi pa kapu. Ndinakuwa mpaka mbuzi zinathawa padenga.

Mayi aang'ono anabwera akuthamanga, poganiza kuti ndalumidwa ndi njoka. Ataona chimene ndinkafukula anagwada, n'kuyamba kundithandiza ndi manja. Mizere inayi inaonekera. Ndinayamba kuwerenga, chifukwa mdzukulu wa a Filipo sangaone bawo osawerenga. Bawo lililonse limakhala ndi maenje asanu ndi atatu pa mzere, onse pamodzi makumi atatu ndi awiri. Mizere itatu inali yokwana. Wachinayi unali ndi maenje asanu ndi limodzi okha, ndipo pamene pakanakhala awiri otsiriza panali chidindo chachitali cholowa pansi, chokhala ndi timadontho m'mbali, ngati pamene papondedwa ndi nsapato yaikulu yamisomali. Ndinawerenganso kuyambira kumapeto, koma maenje anali makumi atatu basi.

Chimwemwe changa chinazirala. Agogo anali munthu woti mzere wa fodya ukakhota pang'ono ankaugumula n'kuunganso. Munthu wotero akanapanga bwanji bawo loperewera, losatheka kuseweredwa? Ndipo m'nkhani zawo zonse sanatchulepo za nsapato. Ndinakumbukira asodzi aja a pansi pa mtengo, n'kuganiza kuti mwina bawo ili linali la anthu ena, amene anayamba kulipanga n'kulisiya.

Mayi aang'ono anali ataika zala zawo m'dzenje limodzi. Kenako anapukuta manja pa chitenje.

"Tamvera, Esinati. Kaya ndi la bambo, kaya si lawo, ife sitingadziwe. Tikakafika ukanene kuti walipeza, lathunthu, lokongola. Za kuperewerazi usakatchule. Munthu uja wakalamba, usakamuthyole mtima. Bodza lina ndi mankhwala."

Ndinatsikira kugombe n'kutola tizigoba ta nkhono toyera, tosalala, tofanana kukula ndi nkhomo, mpaka tinadzaza mpango wanga. Pamene tinkachoka, Azungu aja anafika pa bwalo lomwelo, najambula mabawuti, ndipo mwamunayo anadumpha maenje aja osawayang'ana.

Ulendo wonse wobwerera nkhaniyi inkandizungulira m'mutu. Mayi aang'ono sanali munthu wabodza, ankangowakonda bambo awo. Ndipo zinali zoona kuti mawu awiri okha, akuti lilipo lathunthu, akanatha kubwezera agogo ku mkuyu. Koma ndikatseka maso ndinkamva dzanja lawo litagwira langa, akunena kuti maso awo ndi ine. Kodi maso amasankha zoti amuuze mwini wake? Tinafika pa Nathenje ndisanapeze yankho.

Titatsitsa katundu, m'mawa mwake tinakwera matola kupita ku Mitundu. Agogo tinawapeza pomwe tinawasiya, kuseri kwa nkhokwe. Atamva mawu athu anawongoka, ndipo titapatsana moni anayesa kuseka.

"Mkazi wanga wabwera, kapena wandithawa n'kukwatiwa ndi Mswahili?"

"Ndabwera, agogo."

"Madzi unalawa?"

"Ndinalawa. Ndi mchere wokhawokha."

"Nanga mzinga?"

"Anachotsa. Kwatsala mabawuti ndi makoma."

Anagwedeza mutu.

"Nanga bawo?"

Ndisanatsegule pakamwa, mayi aang'ono analumphira. "Lilipo, bambo! Talipeza. Lathunthu, losalala, ngati mwapanga dzulo."

Ndinkayembekezera kuti agogo asangalala, koma nkhope yawo inagwa. Anatembenuzira maso awo oyera aja kumene kunali ine.

"Rozina, sindinatume iwe. Esinati, maenje unawerenga?"

Aka kanali koyamba kunditchula dzina langa lenileni. Mayi aang'ono ananditsina pa ntchafu.

"Ndinawerenga, agogo."

"Alipo angati?"

"Makumi atatu okha," ndinatero, misozi ikuyamba kutsika. "Awiri a kumapeto kulibe. Pamalo pake pali chidindo cha nsapato yaikulu yamisomali. Mwina si lanu. Pepani, agogo."

Ndodo inagwa m'manja mwawo. Anatulutsa mawu amene poyamba sindinadziwe ngati ndi kulira kapena kuseka, ndipo zinali zonse ziwiri. Anawomba m'manja, misozi ikuyenderera m'makwinya.

"Jombo ya sajeni! Mayo ine, jombo ya sajeni ikadalipo!"

Atapuma anatiuza zimene anali asanauzepo munthu, ngakhale malemu agogo aakazi. Tsiku lomwe ankadinda maenje aja, sajeni anawapeza atangomaliza. Anakalipa kuti akuononga simenti ya mfumu, n'kupondapo ndi jombo kumapeto kwa mzere, ndipo iwo ndi mnzawo uja anakwapulidwa ndi chikoti pamaso pa gulu lonse. Pofika m'mawa simenti inali itauma, jombo ndi maenje zomwe, ndipo panalibe amene anavutika kuti afafanize. Nkhondo yonse ankaika zitsekerero ziwiri za zitini pa chidindocho kuti bawo likwane. Atatero anakweza malaya n'kutionetsa mizere yotuwa pamsana, imene tonse tinakula tikudziwa kuti anagwa pa ngolo.

"Ndikananena bwanji?" anatero. "Anzanga abwera ndi zipsera za adani, ine ndizionetsa za sajeni wanga yemwe? Ndinazikwirira, mpaka nane ndinayamba kuziiwala. Rozina atati lathunthu, mtima wanga unagwa. Ndinati basi, apeza la asodzi, kapena akungondinyengerera ngati mwana, ine ndinalota. Koma za jombo palibe akanakuuza, mkazi wanga. Ndiye kuti ndinapitadi. Ndinaliko ine."

Mayi aang'ono anagwada pafupi nawo n'kunena chapansipansi kuti, "Pepani, bambo." Agogo anawasisita kumutu ngati kamwana, n'kuwauza kuti apite akawiritse madzi a tiyi, popeza anthu akuti ndiyo ntchito imene banja lathu limaidziwa.

M'mawa mwake ndodo inamvekanso panjira ya kumsika. Ine ndinkatsatira pambuyo nditanyamula mpango wa tizigoba tija. Titafika pa mkuyu, Maliko anakweza mawu kuti onse amve.

"Taonani, a Mlondamadzi abwera!"

"Eya, ndi ine," anayankha agogo akukhala pansi. "Ndinawalondera madziwo, ndipo sipanabedwe ngakhale dontho. Khala apa ndikudye."

Anakhuthula tizigoba tija pa thabwa. Anthu anatitola n'kumatitembenuza, ena kutinunkhiza, wina mpaka kunyambita kuti amve mchere. Za jombo agogo sanauze aliyense pamenepo, ndipo sindikudziwa ngati Maliko anakhulupirira kanthu. Agogo analibe nazonso ntchito. Tsiku limenelo anamudya Maliko ndi nkhomo za kunyanja yamchere, ndipo anapitiriza kumudya mpaka chaka chimene miyendo inawakanika.

Papita zaka zambiri, agogo anagona kalekale, ndipo mayi aang'ono ndi okalamba tsopano. Nthawi zina timakumbutsana za tsiku lija, iwo n'kumati kunditsina kwawo kuja kukanagwira ntchito, bwenzi atawapha bambo awo ndi chifundo. Ine sindinanene zoona chifukwa cha nzeru. Ndinali mwana, ndinkalira, ndipo ndinkakhulupirira kuti ndikuwabweretsera uthenga woipa. Chimene ndikumvetsa lero n'chakuti wotumidwa sadziwa mbali ya uthenga imene mwini wake akuidikira. Ife tinkaona chilema choyenera kubisa, pamene agogo ankadikira chilemacho kuti adziwe kuti moyo wawo sunali maloto. Ndiye munthu akandituma kuti ndikamuonere kanthu, kaya ndi wodwala kuchipatala, kaya ndi munda umene wakokoloka, ndipo lilime langa likafuna kusalaza pokhota kuti amve bwino, ndimakumbukira mzere wachinayi uja. Ndimanena maenje amene ndawapeza, ndi jombo yomwe.